Kugawa tulo ndi kudula tulo ndi zinthu ziwiri

Zikomo amayi ndi abambo. Ndaona ena mwabwera muli maso psuu, mwangoweruka kumene ku ntchito ya usiku. Nkhani ya leroyi ndi yanu kwambiri.

Munandipempha kuti tikambirane za kugona kangapo pa tsiku m'malo mogona kamodzi mpaka mbandakucha. Kugona kawiri si zachilendo ayi. Katswiri wa mbiri yakale Roger Ekirch anapeza kuti ku Ulaya, magetsi asanafike, anthu ambiri ankagona tulo toyamba, n'kudzuka pakati pa usiku kwa ola limodzi kapena kuposerapo, kenako n'kugona tulo tachiwiri. Dokotala wa ku America Thomas Wehr nayenso anaika anthu mumdima maola 14 usiku uliwonse, ndipo patapita milungu anayamba okha kugona zigawo ziwiri, chilichonse pafupifupi maola 4. Mwamva bwino? Zigawo ziwirizo mukaziphatikiza zinkakwana maola 8. Anagawa tulo, sanatidule.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ndondomeko zimene achinyamata akuziona pa intaneti. Ina amaitcha Uberman: mphindi 20 pa maola 4 alionse, kasanu ndi kamodzi, tulo tonse maola 2 basi. Amati ukangolimba mtima milungu ingapo thupi lizolowera. Abale anga, chimene munthu amazolowera ndi kutopako, osati kuti mutu wayambanso kugwira ntchito bwino. Mu 2003 ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania anaonetsa zimenezi. Anthu amene ankagona maola 6 okha kwa milungu iwiri ankalakwitsa mowirikiza tsiku ndi tsiku pa mayeso oona ngati ali tcheru, koma akafunsidwa ankati tulo sitikuwavuta kwenikweni. Amenewo ndi maola 6. Nanga awiri?

Ine ndinayesapo kudula tulo pamene ndinkagwira ntchito ya usiku. Tsiku lina ndinawerenga mzere umodzi katatu, kenako ndinangodzidzimuka cholembera chili pansi, sindinamve pamene chinagwa. Maso anali otsegula koma mutu unali utagona masekondi angapo. Taganizani ndikanakhala pa chiwongolero.

Ndiye ngati ntchito kapena khanda likukukakamizani kugawa tulo, yambani chonchi. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa, ndipo chiwerengero chimenechi musachichepetse. Sungani chigawo chachikulu cha maola 5 kapena 6, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, chifukwa tulo tofa nato, timene timakonza thupi, timabwera makamaka maola oyambirira. Zotsalazo muzibweze masana, dzuwa litangopendeka, pamene thupi limafooka lokha. Mukafuna kusuntha nthawi yogona, sunthani mphindi 15 kapena 30, mudikire masiku atatu kapena anayi, kenako musunthenso. Osathamanga.

Kutalika kwa tulo ta masana n'kofunikanso. Tulo timayenda mozungulira, ulendo umodzi pafupifupi mphindi 90. Mukagona mphindi 20 mumadzuka musanamire. Mukagona 90 mumamaliza ulendo wonse. Koma mukadzutsidwa pa mphindi 45, muli pansi penipeni, mumadzuka mutu uli wolemera ngati mwamenyedwa, osadziwa kuti kwacha kapena kwada. Ambiri amasiyira pomwepo n'kumati kugona masana sikuwayanja, chonsecho vuto ndi nthawi imene anatchera alamu.

Amene muli ndi khunyu musayese zimenezi musanaonane ndi dokotala, chifukwa kusowa tulo kumadzutsa nthendayi.

Mayi kumbuyoko mwafunsa za khofi. Mphamvu yake imatenga pafupifupi maola 5 kuti itsike ndi theka. Kapu imene mwamwa 4 koloko madzulo, theka lake likadali m'magazi 9 koloko usiku pamene mukukagona. Imwani mukangodzuka pa chigawo chachikulu chija, pambuyo pake madzi okha.