Mwasintha mashoka akumbuyo koma galimoto ikugogoda? Tiyeni tiifufuze limodzi

[Kamera ili kumbuyo kwa Toyota Vitz, buti yotsegula]

Muli bwanji nonse amene mukutionera? Lero tili ndi Vitz iyi. Eni ake asinthitsa mashoka onse awiri akumbuyo masiku anayi apitawa, ndalama zatuluka m'thumba, koma akangokwera kabampu kakang'ono kumbuyoku kukumveka gu! gu! ngati munthu akumenya chitseko ndi chibakera. Atafika kuno mawu awo oyamba anali akuti, "Andigulitsa mashoka achinyengo." Zimachitika ndithu, mashoka abodza alipo, ena ndi akale ongopakidwa penti n'kuikidwa m'bokosi lolembedwa KYB, dzina la kampani yodziwika yopanga mashoka. Koma ine sindithamangira kumeneko. Galimoto ikayamba kulira itangochoka m'manja mwa makaniko, ndimayamba ndaona mmene anamangira.

Tisanagwire sipanala, tulutsani zonse m'buti: jeke, sipanala ya matayala, tayala la sipeya. Pa Vitz nati yapamwamba ya shoka imafikiridwa m'kati mwa buti, ndiye womanga uja anasuntha zinthu, mwina sanazibwezere bwino. Onaninso manati a matayala. Pa galimoto ngati iyi amamangidwa pa 103 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira nati), ndipo tayala lolekera limagogoda mofanana kwambiri ndi shoka, kungoti ilo likhoza kukuphani. Mukatero yendaniso pa bampu lomwe lija. Phokoso likadalipo? Tiyeni tipitirire.

[Wothandizira akukankhira galimoto pansi, wofotokoza waika zala pa nati yapamwamba]

Taonani apa. Mnzangayu akugwedeza galimoto, ine zala zanga zili pa nati. Khutu limanamiza, chifukwa phokoso limayenda m'chitsulo: mumalimva kumanja pomwe likuchokera kumanzere. Koma zala sizinama. Apa ndikumva kudumpha, ti, ti, ti, nthawi iliyonse galimoto ikamabwerera m'mwamba. Mbali inayo kuli zii.

Pamwamba pa shoka pali kandodo kachitsulo kamene kamadutsa pa bowo la bodi. Bodiyo imakhala pakati pa timalabala tiwiri, kena pansi kena pamwamba, ndipo timalabalato timapanidwa ndi mawasha, kenako nati. Ntchito ya timalabalati ndi yoti chitsulo chisakhudzane ndi chitsulo. Washa imodzi ikaiwalika, kapena ikatembenuzidwa, kapena kalabala kakaikidwa mozondoka, mpata umatsala, ndipo mpata wochepa ngati chikhadabo ndi wokwanira kukusowetsani mtendere ulendo wonse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amagula shoka yatsopano koma n'kubwezera timalabala takale. Taonani aka ndachotsaka. Kaphwanyika ngati chitumbuwa chopondedwa, kauma, kang'ambika m'mbali. Olo mumange nati mpaka kumapeto kwa mazinga, sikangapanenso bodi. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi shoka, koma ndi komwe kakugogodetsa galimoto iyi.

Pali chinanso pa nati yomweyi. Mukamaimanga, kandodo kaja kamazungulira limodzi nayo, ndiye munthu amaona ngati yalimba pomwe ikungozungulira. N'chifukwa chake kumapeto kwa kandodoko kuli malo ogwirapo, pena ophwatalala oti mugwire ndi sipanala yaing'ono, pena bowo la Allen key. Gwirani pamenepo, mumange ndi dzanja. Chonde musagwiritse ntchito mfuti ya mpweya yomangira manati ija, imazunguza kandodo mwamphamvu mpaka kuononga za m'kati mwa shoka. Musagwirenso ndi pulayala pamalo osalala onyezimira aja. Mukapakanda, pamadula silo, kalabala kotsekera mafuta m'kati mwa shoka, mafuta n'kuyamba kutuluka.

[Kamera yatsikira pansi pa galimoto, yomwe yakhazikidwa pa zochirikiza zachitsulo]

Mwaona galimoto ili pa zochirikiza. Musalowe pansi itangodalira jeke yokha, ngakhale kwa mphindi imodzi.

Tsopano bawuti yapansi, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene amakaniko ambiri, ngakhale odziwa ntchito, amalakwitsa. M'diso la pansi la shoka muli bushi ya labala yogwirana ndi kapaipi kachitsulo pakati. Mukamanga bawuti, kapaipiko kamapanidwa, sikazunguliranso. Galimoto ikamakwera ndi kutsika, amene amapotoka ndi labala. Ndiye mukamanga bawuti galimoto ili m'mwamba, matayala ali lendelende, kenako n'kuitsitsa, labala uja amakhala wapotoka kale galimoto isanayende n'komwe. Poyamba mumamva kwi, kwi, pa bampu lililonse. Pakapita miyezi yochepa m'misewu yathu ya maenjeyi bushi imang'ambika, kwi kwi uja n'kusanduka gu gu.

Kamangidwe koyenera ndi aka: lowetsani bawuti, muimange pang'ono chabe, tsitsani galimoto kuti kulemera kwake kukhale pa matayala, muigwedeze kangapo kuti ikhazikike, kenako mumalize kumanga pa mlingo umene buku la galimoto yanu likunena. Pa galaji ya dzenje izi n'zosavuta. Ngati dzenje palibe, ikani jeke pansi pa ekiselo, mukweze mpaka itanyamula kulemera kwa galimoto, ndiye mumange. Ngati anakumangirani matayala ali lendelende ndipo bushi sinang'ambike, ingomasulani bawuti, mutsitse galimoto, mumangenso. Kulira kuja kumatha pompo.

Mukadali pomwepo, yesani bawuti m'kapaipi kaja. Ikhale yokwana bwino. Ikamagwedera m'kati, ndiye kuti mwina shokayo kapena bawutiyo si ya galimoto yanu.

Zimenezi zikutifikitsa pa kutalika. Tengani shoka yakale ndi yatsopano, muziyandikize zitatambasuka, muzipanenso muone. Yatsopano ikafupika, imafika pamapeto msanga tayala likagwera m'dzenje kapena mukamatsika bampu, ndipo mumamva go! kamodzi kolimba. Ikatalika, imagunda pansi pake mukanyamula katundu. Magalimoto athu ambiri ndi ochokera ku Japan, ndipo dzina limodzi limakhala ndi mitundu ingapo, ina yoyendera matayala awiri, ina anayi, kumbuyo kwake kosiyana. Pogula perekani nambala ya chassis, osangoti "ya Vitz".

Yang'ananinso sipuling'i. Pa galimoto iyi sipuling'i ili payokha, ndipo chimene chimaletsa ekiselo kutsika kwambiri ndi shoka. Mukamasula mashoka onse awiri nthawi imodzi ekiselo imagwa, sipuling'i n'kusuntha pa mpando wake wa labala. Nsonga yake iyenera kukhala pamalo ake enieni. Ikakhala pambali imachita kudumpha, pa! Paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS (chipangizo choletsa matayala kukukutika pogwira mabuleki) nazo zimakokeka ekiselo ikagwa choncho, muzione ngati zili m'malo mwake.

Nanga zonsezi zikakhala bwino? Pamenepo mwina phokosolo si latsopano. Mashoka akale anali ofooka, atsopanowa ndi olimba, ndiye akukankhira mphamvu ku ziwalo zina zomwe zinatha kale. Lowetsani chitsulo chachitali cholimba pa mabushi aakulu awiri amene agwira ekiselo ku bodi, mukankhe. Gwedezani ekizozi ndi dzanja, muone ngati malabala ake akugwirabe. Pa Probox, yomwe kumbuyo kwake kuli mikono inayi ndi ndodo ina yopingasa, mabushi ndi ambiri, muwayese onse mmodzimmodzi. Ngati galimoto yanu ili ndi stabilizer kumbuyo, ndodo yochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota, timalinki take tolumikizira ndi timene timakonda kulira ngati miyala m'chitini.

Shoka yeniyeniyo tiiyese pomaliza. Ichotseni, muiimike chilili monga imakhalira pagalimoto, muipane ndi kuitambasula kanayi kapena kasanu. Shoka yomwe yakhala chigonere m'shopu nthawi yaitali imatha kukhala ndi mpweya pamalo a mafuta, ndipo kupopa kumeneku kumaubweza. Ikatero iyenera kulimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukamva kampata kopepuka, kandodo kakuyenda kopanda chokaletsa kenako n'kugwira mwadzidzidzi, kapena mukumva kugogoda m'kati mwake, kapena mafuta akuchucha, imeneyo ndiye yoipadi. Ibwezeni komwe munagula, lisiti lili m'manja, ndipo yolowa m'malo mwake ikhale yofanana ndi ya mbali inayo.

[Galimoto yatsitsidwa, wofotokoza akumanga bawuti yapansi]

Vitz yathuyi taiikira timalabala tatsopano pamwamba mbali zonse ziwiri, ndipo mabawuti apansi ndikuwamanga tsopano matayala ali pansi. Mashoka ndi omwe aja anabwera nawo. Kwerani, tikayese pa bampu la apo pamphambano, mawindo otseka, wailesi yozimitsa.