Paipi ya petulo isayandikire chotentha, isakhudze chakuthwa

Zikomo nonse pobwera. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno, mawu anga safika patali.

Zomwe zidachitika sabata yatha ena mudaziona ndi maso. Galimoto ya mnzathu uja, yomwe wakhala akuikonza miyezi yonseyi, turbo yatsopano yokankhira mpweya wambiri mu injini, pampu ya petulo yayikulu, idapsa ife tikuonerera. Mwayi wake, mwiniwake adangopserera nsidze. Moto utazima tidatsegula boneti. Paipi ya petulo idali itadutsa pafupi ndi turbo, yomangidwa ndi kapulasitiki komangira mawaya kaja. Kapulasitiki kadasungunuka, paipi nkugwera pachitsulo chotentha. Mbali ya ekizozi ya turbo imapitirira madigiri 800 mukaipondereza galimoto, pamene petulo amayaka yekha asanafike madigiri 300, popanda machesi. Ndiye gwirani mawu awa: paipi ya petulo isayandikire chotentha, isakhudze chakuthwa.

Anyamata inu mumandidabwitsa. Ndalama zonse ku turbo ndi ma rim, koma pofika pa paipi mumatola chidutswa chilichonse chomwe chili pansi mugalaja. Paipi imakhala ndi zolemba pambali pake, muziwerenga. Yolembedwa SAE J30R7 ndi ya presha yochepa, ya galimoto za kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya chija, chifukwa kabureta imangofuna presha ya 3 mpaka 7 psi. Injini ya ma injector, tizipangizo topopera petulo mu injini, imayenda pa presha ya 3 bar, omwe ndi 43.5 psi, zina 4 bar. Imeneyo imafuna J30R9. Ndipo kachidutswa kam'kati mwa thanki, kolumikiza pampu, kamafuna J30R10, chifukwa kamamira m'mafuta usana ndi usiku. Mukaikamo wamba kamafufuma, kenako kamang'ambika, inu nkumanamizira pampu kuti yafa.

Inenso ndidalakwitsapo, musaone imvizi. Ndili mnyamata ndidaboola chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, nkudutsitsapo paipi popanda kalabala kotchinga m'mphepete mwa bowo. Ndinkati paipi yanga ndi yoluka ndi waya, ingatani? Patatha miyezi ingapo ndidayamba kumva fungo la petulo m'mawa uliwonse. Nditalowa pansi ndi tochi, ndidapeza tiwaya tatothoka ngati ndevu, kadontho kakulendewera pamenepo. Injini ikamalira zonse zimanjenjemera, ndipo chitsulo chimadya paipi pang'onopang'ono, inu osamva. Yoluka ndi wayayo nayonso imapala chilichonse chomwe yagona pamwamba pake, kaya ndi mawaya a magetsi kaya paipi ya buleki. Isakhudze chakuthwa, ndanena. Komanso paipi ya petulo isalowe mokhala anthu. Geji ya presha yolandira mafuta enieni isiyeni ku injini, m'kati muikemo yamagetsi.

Tsopano regulator. Pa injini ya ma injector yokhala ndi paipi yobweza mafuta, njira yake ndi iyi: thanki, sefa, pampu, sefa ina yosefa bwino, kenako rail yomwe ma injector amamwerapo, regulator pamapeto, ndipo otsala abwerere ku thanki. Regulator ili ngati munthu woima pakhomo lotulukira, imatsekereza mafuta mpaka presha ikwane, otsalawo nkuwalola adutse.

Wina kumbuyo: Pepani bambo, nanga ndikangoimanga regulator kuti presha ikwere, si ndiye kuti galimoto ithamanga kwambiri?

Mwachita bwino kufunsa, achimwene, chifukwa ambiri muno mumaganiza choncho koma mumachita manyazi. Ayi. Mphamvu imabwera mpweya ndi mafuta zikakumana pamlingo woyenera. Mukathira mafuta ambiri pampweya womwewo, mupeza utsi wakuda, ma plug akuda bii, ndipo petulo amatsuka oyilo m'makoma a silinda. Chinanso, injector siwonjezera mafuta molingana ndi presha. Kuti itulutse mafuta kawiri, presha iyenera kukwera kanayi. Pamenepo pampu yatopa kale, chifukwa pampu ikamakankha presha yayikulu imatumiza mafuta ochepa. Ndiye mukakwera liwiro, pomwe injini ikufuna mafuta ambiri, presha imagwa, injini imayenda ndi ludzu, pisitoni nkusungunuka. Ngati ma injector achepa, gulani aakulu ndipo kompyuta ya injini ichunidwe.

Chomwe inu a turbo mukufunika ndi regulator yokhala ndi kapaipi kochokera ku manifold, njira yolowetsa mpweya mu injini. Turbo ikakankha 1 bar, injector ikupopera mafuta m'malo momwe mulinso mpweya wokankha mobweza. Kapaipi kaja kamauza regulator kuti ikwezenso presha ndi 1 bar, ichoke pa 3 ifike pa 4, kuti kusiyana kwake kukhalebe 3. Kakasololoka muli pa liwiro, injini mwaitaya. Kamangeni bwino. Ndipo poika presha yoyambira, kazuleni kaye, mutseke kukamwa kwake, injini ikulira pang'onopang'ono, muwerenge geji, kenako mukabwezere. Mukaona kuti presha ikukana kutsika ngakhale mwamasula regulator, musaitukwane. Mwaika pampu yayikulu koma paipi yobweza mafuta ndi yakale yopapatiza ija, mafuta akusowa potulukira. Mwamva, achimwene? Eya.

Ndikuona ena mwayamba kusuzumira mafoni, ndiye ndithamange. Musanamasule chilichonse zulani fyuzi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, chotsani waya wa batire, phimbani polumikizira ndi kansanza. Ndudu kutali, chifukwa nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, imakwawa pansi kukafuna moto komwe uli. Paipi iyende m'mbali mwa chasisi, mbali yomwe kulibe ekizozi, pamwamba posagunda miyala ndi pomwe mumaika jeke. Muimange pafupipafupi ndi zomangira zachitsulo zokhala ndi labala m'kati. Pakati pa bodi ndi injini siyani paipi yofewa yotakasuka pang'ono, injini imagwedezeka. Pomwe simungathe kuthawa chotentha ikani chotchinga kutentha. Zolumikizira paipi zachitsulo zotchedwa AN zimatseka ndi mlomo wake wopendekeka madigiri 37, musazikulunge tepi yoyera ya mapaipi a madzi ija, tizidutswa take timakatseka injector. Ngati petulo wanu ali ndi ethanol wambiri, paipi ya pulasitiki wotchedwa PTFE ndiyo imapirira. Mukamaliza tembenuzani kiyi kangapo osaliza injini, pampu idzaze, mupititse pepala louma polumikizira paliponse. Chozimitsira moto chaufa chikhale pafupi ndi dzanja, madzi amangomwaza petulo. Isayandikire chotentha, isakhudze chakuthwa.

Eni galimoto yofiira yaima pakhomoyo musachoke, ndamva fungo podutsa. Tiyeni tikatsegule boneti.