Pommersfelden: kamudzi ka alimi komwe kali ndi nyumba yachifumu

[Pa sikirini: minda, madenga ofiira, kenako chinyumba chachikulu]

Kuno ndi ku Pommersfelden, m'chigawo cha Bavaria ku Germany, makilomita pafupifupi 20 kum'mwera kwa mzinda wa Bamberg. Anthu ake ndi pafupifupi 3,000 basi. Nanga chinyumba ichi, Schloss Weißenstein, chinadzatani pakati pa minda?

Gwero lake ndi ndale. Lothar Franz von Schönborn anali bishopu wa Bamberg komanso bishopu wamkulu wa Mainz, udindo womwe unamuika m'kagulu ka akalonga osankha mfumu yaikulu ya Ufumu Woyera wa Roma, womwe unkalamulira madera a Germany. Mu 1711 anathandiza Charles VI kulowa ufumu, ndipo mfumuyo inamuthokoza ndi magulden (ndalama za nthawiyo) 100,000, zomwe zinamuthandiza kumanga nyumbayi. Malo, bishopuyo anali atawalandira kale mu 1710, banja la eni ake litatha popanda wolowa m'malo. Kumanga kunayamba mu 1711, kunatha mu 1718.

[Kamera ikwere masitepe pang'onopang'ono]

Tiime pano kaye, chifukwa mtima wa nyumbayi ndi masitepewa. Akukwera mbali ziwiri, ndipo chipinda chawo chatenga nsanjika zitatu zathunthu, makonde atazungulira m'mwamba. Mmisiri womanga anali Johann Dientzenhofer, pa makonde anathandizapo Johann Lukas von Hildebrandt wa ku Vienna, ndipo chithunzi cha kudenga anapenta Johann Rudolf Byss. Kuwononga malo, mungatero. Koma masiku amenewo ulemu wa mlendo unkaonekera pa masitepe: mwini nyumba akatsika masitepe ambiri kudzakuchingamirani, ndiye kuti ndinu munthu wolemekezeka, ndipo oima pa makonde ankaona zonse.

Pansi pali chipinda chonga phanga, makoma ake omatidwa zigoba za m'nyanja ndi timiyala tonyezimira. Pamwamba pake pali holo ya miyala ya mabo, ndiye zipinda za zithunzi za akatswiri monga Rubens, Titian ndi van Dyck.

[Pa sikirini: mapu]

Alendo ambiri amalakwitsa nyengo. Zipinda zimatsegulidwa kuyambira Epulo mpaka Okutobala, mukafika mu Disembala mungoona kunja. M'kati simuyenda nokha, mumadikira gulu ndi wolondolera alendo. Mabasi kumudzi kuno ndi apatalipatali, choncho galimoto ndiyo yabwino: msewu waukulu wa A3 uli ndi pokhotera pa Pommersfelden penipeni. Okonda nyimbo abwere m'chilimwe cha kuno, cha mu Julayi ndi Ogasiti, pomwe achinyamata a Collegium Musicum, gulu la ophunzira kuimba ndi zida, amaimba m'holo ya mabo ija, mwambo womwe unayamba mu 1958.