Adadi, M'takisi Musayankhule

Moni nonse abale anga, a ku Joni kuno, a ku Durban, a ku Cape Town, ndi inu akumudzi amene mumamvera mukapeza kabandulo. Ndikuyankhula motsitsa chifukwa anyamata anga agona pompano kuseri kwa katani. Mukamva wina akutsokomola, ameneyo ndi wamng'ono, chisanu cha June chamugwira. Lero ndimati tikambe za mabasi ndi katundu wotumiza kumudzi, koma zimenezo zidikire kaye. Zimene zachitika Loweruka zandikhala pamtima, tulo sindikupeza.

Tinanyamuka m'mawa kuchokera ku Diepsloot kupita m'tauni kukagula nsapato za sukulu. Wamkuluyo ali ndi zaka 8, ndipo nsapato kwa iye zimatha miyezi itatu basi, chifukwa chilichonse chimene wapeza panjira ndi mpira: botolo, chitini, mwala umene. Wamng'ono ali ndi zaka 4, ndinamuika pamiyendo. Takisi yadzadza, ndalama zikuyenda m'manja kupita kutsogolo monga mwa masiku onse. Tisanafike ku Bree, pa siteji ya matakisi m'tauni, tangoona apolisi atchinga msewu. Dalaivala waima. Chitseko chatseguka. Aliyense atulutse chake.

Za mapepala anga sindinena pano, inu mukudziwa mmene timakhalira. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ndangomva wina akunditsina pantchafu. Wamkulu uja. Wandiyandikira kukhutu n'kunong'ona m'Chichewa, "Adadi, musayankhule." Wapolisi atafika pampando wathu, mwana uja wamuyang'ana m'maso, wamupatsa moni m'Chizulu chosalala ngati anabadwira ku KwaMashu, kenako akuti, "Ubaba uyagula." Kuti bambo anga akudwala. Wapolisi uja waseka, wamufunsa giredi yake, wamusisita kumutu, wapita mzere wakumbuyo. Kumeneko anatsitsa anyamata awiri. Mmodzi potsika anangoti "mayo ine", ndinadziwa kuti ndi wakwathu. Ngati m'bale wanu sanabwerere kunyumba Loweruka, yambani kufunsa, chifukwa ambiri otere amakapezeka ku Lindela, kosungira obwera opanda mapepala asanawabweze kwawo, ku Krugersdorp uko.

Takisi itanyamuka, mwana uja anagwira dzanja langa, chikhatho chili thukuta lokhalokha. Mpaka ku Bree sanalisiye.

Mwina ena simudziwa mmene timakhalira pakhomo pano. Mayi awo amagwira ntchito yogonera konko ku Fourways. Amabwera Loweruka madzulo, Lolemba m'bandakucha abwerera. Ndiye pakati pa sabata mayi ndine, bambo ndine. Ndimadzuka 4 koloko, madzi m'ketulo, ngati magetsi alipo. Akakhala palibe, pulaimasi. Beseni ndi limodzi, woyamba kusamba ndi wamng'ono chifukwa akalowa m'madzi ozizirirako amalira mpaka oyandikana nawo kugogoda lata. Phala, Vaseline kumaso ndi m'miyendo, yunifolomu imene ndinasita usiku. Wamng'ono ndimakamusiya kwa mayi wina wa ku Zimbabwe amene amasunga ana, wamkulu amakwera ya sukulu, ine ulendo kukasamalira maluwa a eni ake. Madzulo nsima. Osati papa ija yawo yofewa, ayi, nsima yeniyeni yomata ndi chipande, ngakhale ufa wake ndi wa m'shopu. Wamng'onoyu usipa amautcha "nsomba za agogo", ndipo amadya mitu yokha, matupi n'kuunjika pambali pa mbale ya mkulu wake.

Mwezi watha anatentha thupi usiku wonse. Ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje cha mayi ake, 5 koloko ndili pamzere ku kiliniki. Azibambo ena pamzerepo amandiyang'ana, ine sindinasamale, mwana ndi wanga. Ndatumiza uthenga kwa bwana kuti ndichedwa. Kumapeto kwa mwezi wandidula masiku awiri, pomwe ndinajomba theka la tsiku. Ndikumufunsa, akuti akufuna ntchito ali mbwee pageti. Munthu yemweyu galu wake akangotsimphina amathamangira naye kwa dokotala pagalimoto, ine n'kumunyamulira galuyo. Zaka 6 ndili pakhomo pake, mitengo yonse ya mandimu ili apo ndinabzala ndine. Ndinameza mawu chifukwa lendi sadikira. Koma zinandiwawa, abale, ndipo zikundiwawabe.

Tsono ndiyankhule ndi inu azibambo anzanga, makamaka amene mwabereka kuno. Mwana si wa mayi yekha. Kumudzi tinali ndi agogo, azakhali, amalume, mwana akalira wina amunyamula usanatembenuke n'komwe. Kuno kulibe zimenezo. Ukachedwa ku shabini, mwana wako akulera ndi msewu, ndipo msewu wa kuno si wa ku Ntcheu. Phunzirani kuphika. Phunzirani kuchapa yunifolomu. Dziwani dzina la aphunzitsi a mwana wanu, musamangodziwa mayina a osewera a Chiefs ndi Pirates. Ndipo inu amene mukusunga ana m'nyumba poopa kuti kusukulu akafunsa mapepala, mukumulakwira mwanayo. Malamulo a dziko lino, pa Section 29, amati maphunziro oyambirira ndi a aliyense, ndipo mu December 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa chosowa mapepala. Tengani khadi la kusikelo, tengani kalata imene anakupatsani kuchipatala atabadwa, pitani. Akakubwezani, mawa mupitenso. Ine ndinayenda kanayi. Lero mwana wanga akuwerenga Chingerezi kuposa ana a eni dziko, ndipo masamu ndi nambala wani m'kalasi mwake, izi sindikuwonjezera.

Ndasochera, ndibwerere ku Loweruka. Nsapato tinagula, ndinawagulira ndi kota, buledi woika tchipisi mkati uja, aliyense yake. Tili pakhomo, mayi awo asanafike, ndinamukhazika wamkulu pabedi n'kumufunsa kuti zija unaziphunzira kuti. Anayamba wakhala chete, akuseweretsa zingwe za nsapato zatsopanozo. Kenako akuti kusukulu kuli mnzake wa ku Mozambique amene anzake amamutcha kwerekwere, dzina lonyozera obwera, ndipo pa buleki amadya yekha. Mwana wangayo akafunsidwa amati kwawo ndi ku Limpopo, m'dziko lomwe lino. Anawonjezera kuti, "Adadi, inu mukayankhula Chizulu chimamveka." Sananene mwamwano. Amandichenjeza, ngati mmene ine ndimamuchenjezera powoloka msewu.

Apo m'pamene mtima unandisweka. Mwana wa zaka 8 wadziphunzitsa yekha kubisa bambo ake. Palibe anamuuza za May 2008, pamene ziwawa zolimbana ndi obwera zinayambira ku Alexandra anthu oposa 60 n'kuphedwa, pamene amaimitsa munthu n'kumufunsa kuti chigongono m'Chizulu n'chiyani, ukalephera kunena indololwane zako zada. Iyeyo anali asanabadwe, ineyo ndinali ndisanawoloke Beitbridge. Koma mantha aja wawatola, ali nawo m'thumba limodzi ndi mapensulo.

Ndinamuuza kuti mwana wanga tamvera. Ife ndi Angoni a kwa Gomani. Makolo athu anachokera kummwera konkuno, anayenda wapansi, anawoloka Zambezi, n'kukakhazikika ku Ntcheu. Ukadzafika pa Lizulu, pamsika pamene mbali ina ya msewu ndi Malawi ina Mozambique, udzamve dzinalo bwinobwino. Agogo ako aakulu anabwera kuno pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za m'migodi, anakumba golide pansi pa mzinda uno, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown. Anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka imfa. Ndiye palibe wokuuza kuti ndiwe wongotoledwa. Anandimvera maso ali tong'o, kenako funso lake linali lakuti ku Lizulu kuli bwalo la mpira kapena ayi. Ndinati lilipo, lafumbi, ndipo ndinagoletsapo zigoli zambiri.

Sindimuletsa Chizulu. Chamupulumutsa, chandipulumutsa ndi ine, ndipo panjira azichiyankhula ndithu. Bodza lija sindinamukalipire, ndikanayambira pati? Chimene ndikuopa n'chakuti tsiku lina adzandibisa osati kwa apolisi okha, koma ndi mumtima mwake momwe. Tonse tikuwadziwa matchona, anthu amene anabwera kudzagwira ntchito zaka ziwiri, maliro a mayi awo n'kuwamvera pa foni. Ine ndatha zaka 5 osaponda kumudzi. Amayi anga wamng'onoyu sanamunyamulepo, amangomuona pa WhatsApp. Lamulungu anaimba, akumuti, "Wadzuka bwanji mdzukulu wanga?" Iye wangoti duu, kenako "Ngiyaphila." Amayi anaseka, koma ine kuseka kwawo ndimakudziwa.

Choncho tapangana ndi mayi awo kuti munthu akangodutsa chitseko ichi, chiyankhulo ndi Chichewa. Wofuna madzi apemphe m'Chichewa, wofuna kudandaula kuti mnzake wamulanda chidole adandaule m'Chichewa. Usiku nthano. Dzulo ndinayamba ya kalulu ndi njovu, ndati "Padangokhala", onse ali chete. Ndawaphunzitsa kuti muziti "Tili tonse". Wamng'ono waikonda kwambiri moti amaiyankha paliponse, ngakhale ndikuti tiyeni tipemphere. Wamkulu anagona nthano isanathe, nsapato zija waziika pafupi ndi pilo.

December uno, Mulungu akalola, ndikufuna tikwere basi pa Park Station tonse anayi, Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, mpaka akaone mapiri a kwathu ndi maso awo. Amene mwayendapo ndi ana obadwira kuno posachedwapa, nditumizireni uthenga, ndikufuna ndimve kuti pachipata zinakuyenderani bwanji. Imani kaye, wamng'ono uja wadzuka, akufuna madzi. Ndikubwera, bambo, ndikubwera. Tsalani bwino abale, tikumana sabata yamawa.