Bandulo yokha siyikupatsani buku: amatsegula zitseko za pa intaneti ndani?

[Kamera ili m'mbali mwa msewu wa M1 ku Luwinga, m'mawa]

Muli bwanji abale anga, ndipo a kuno kumpoto, monire mose! Ndaima ku Luwinga muno mu Mzuzu, kachisanu kakulowa mpaka m'mafupa, koma nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali. Musachoke, chifukwa tisanamalize ndikuuzani khomo lowerengera zolemba zodula osatulutsa ngakhale tambala.

Kuti buku, lamulo kapena phunziro lifike pa foni yanu pamafunika zinthu zitatu. Ziwiri zoyambazi ndingodutsamo mothamanga.

Choyamba, msewu wa intaneti. ESCOM inayala zingwe za fibre m'dziko muno. MACRA ili ndi thumba la Universal Service Fund, lochokera m'lamulo la Communications Act la 2016, lothandiza kufikitsa netiweki kumene makampani saonako phindu. Pulojekiti ya Digital Malawi, ya ndalama za World Bank kuyambira 2017, inathandizanso kulumikiza maofesi a boma ndi masukulu aukachenjede.

Chachiwiri, chipangizo. Kuyambira 2023 Unduna wa Zamaphunziro ndi mabungwe othandizana nawo akugawa matabuleti a pulogalamu ya BEFIT m'sukulu za pulayimale, Sitandade 1 mpaka 4. Amatchajidwa ndi sola, maphunziro ali kale m'katimo, safuna bandulo.

Aa, ngati mwafika pano simunadine subscribe, dinani tsopano, ndi kabelu komwe. Tipitirize.

Chachitatu, bungwe loika zolembazo pa intaneti ndi kutsegula zitseko zake, monga laibulale. Apa ndiye pali bodza limene limandipweteka mutu. Mumalimva m'minibasi ya ku Chibavi, mumalimva pogula yuniti ku Katoto: "Masiku ano zonse zili pa Google, laibulale yatha ntchito, bola bandulo." Ayi, achimwene! Ayi, achemwali!

[Akuloza mbali ya Mzuni]

Tayang'anani uko. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Ena anagulidwanso, ena anaperekedwa ndi akufuna kwabwino. Nanga kafukufuku amene wophunzira analemba za mudzi wakwawo ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay, amene anali pa pepala pokha? Google ikamutenga kuti? Google simalemba kanthu, imangokulozerani chimene munthu wina anaika. Ngati palibe amene anakhala pansi n'kujambula tsamba ndi tsamba, n'kulisunga pa kompyuta ya bungwe, chinthucho pa intaneti palibe. Mugule bandulo ya mwezi wonse, simuchipeza.

Ndiye pali zina zimene ziliko ndithu, koma n'zokiyidwa. Mlongo wanga akuphunzira unamwino. Tsiku lina usiku anandionetsa foni: nkhani ya kafukufuku wa malungo aipeza, mutu ukuoneka, ndime yoyamba ikuoneka, pansi pake pali batani lofuna madola oposa 30. Nkhani imodzi! Anangoika foni pa mphasa n'kugwira tsaya. Bandulo anali nayo, netiweki inali yodzaza.

Kiyi wa chitseko chimenecho munthu mmodzi sangamukwanitse, ngakhale koleji imodzi imavutika. N'chifukwa chake mu 2003 malaibulale a m'dziko muno anapanga MALICO, kusonkha mphamvu kuti azikambirana ndi osindikiza mabuku ngati gulu limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Palinso Research4Life, pulogalamu yotsegulira mabungwe zolemba za kafukufuku: mbali yake ya zaumoyo, Hinari, inayambitsidwa ndi WHO mu 2002, ya zaulimi, AGORA, ndi ya FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi. Masukulu aukachenjede ndi zipatala za m'mayiko osauka ngati lathu amatha kulembetsa n'kumawerenga ulere. Koma amalembetsa ndi bungwe, osati inu panokha pa foni. Mwaona kuti laibulale ija mumati yatha ntchito ndi imene ikusunga kiyi?

Ndiye khomo ndinakulonjezani lija ndi ili: ngati muli pa koleji kapena mumagwira ntchito m'chipatala, pitani kwa woyang'anira laibulale, mufunse kuti, "Bambo, kapena mayi, zolemba za MALICO ndi Research4Life timalowa bwanji?" Mlongo wanga anachita zomwezo, nkhani ija anaiwerenga mawa lake. Ofuna malamulo ndi zigamulo za makhoti, webusaiti ya MalawiLII ndi yaulere kwa aliyense.

Koma boma nalo ndili nalo mawu. Lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata ndi uthenga wa boma, linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Chikhalirecho ndinapita ku ofesi ina ya boma kukapempha lipoti, anandiuza kuti lili pa webusaiti. Ndinafika kunyumba, ndinadina, tsamba silinatseguke. Ndinabwererako kawiri, mpaka mayi wina wachifundo anandiikira pa flash. Lipotilo linalembedwa ndi misonkho yathu, ndipo lili m'Chingerezi chokhachokha, palibe Chichewa, palibe Chitumbuka. Agogo anu a ku Ekwendeni aliwerenga bwanji?

Ndilembereni m'munsimu chikalata cha boma chimene munachisaka n'kuchisowa, ndipo vidiyoyi muitumize ku gulu la WhatsApp la kalasi yanu. Sabata yamawa ndilowa mu National Library ya muno m'tauni ndi kamera, tikaone limodzi zimene zilimo. Tionana!