Makalata anu: nyimbo za mu memore khadi, akudyapo ndani?

Tabweranso omvera, ndipo sabata ino makalata ambiri akukamba nkhani imodzi, ya nyimbo zimene timapatsana pa foni. Yoyamba yachokera ku Kapata konkuno ku Chipata.

"Achimwene a pa wailesi, ine ndili ndi kakompyuta pa msika, ndimathirira anthu nyimbo mu memore khadi ndi mu fulashi, makasitomala anga ambiri ndi madiraiva a minibasi. Manje anthu akuti ndine wakuba, koma nyimbozo ndimadawuniloda ndi bando yanga, ndipo oyimba ena amachita kubwera okha kudzandipempha kuti ndiziyika nyimbo zawo kwa aliyense. Kulakwa kwanga kuli pati?"

Mng'ono wanga, woyimba akabwera yekha palibe mlandu, nyimbo ndi yake ndipo wakupatsani. Nanga zinazo mwadzaza mu kompyutamo, eni ake anabweranso? Bando munagula ku kampani ya foni, ndalama ya kasitomala yalowa m'thumba lanu, woyimba sanaonepo ngakhale ngwee. Lamulo lilipo kuyambira 1994, Copyright and Performance Rights Act, ndipo kugulitsa nyimbo ya munthu popanda chilolezo likuletsa. Boma linayesanso hologramu mu 2013, kaja konyezimira komata pa CD yeniyeni, koma kanafika anthu atayamba kale kusamukira pa foni, ndiye mungakamate pati pa mp3 imene ikudutsa pa Xender, kaja kotumizirana mafayilo pa foni? Kusagwidwa kwanu kwachokera pamenepo, osati kuti lamulo lakuvomerani ayi.

Yachiwiri ndi ya amayi a kwaya ku Katete, iyi yandigwira mtima.

"Bambo, kwaya yathu tinasonkha ndalama, ena tinagulitsa nshawa, tinapita ku situdiyo kukajambula alubamu. Tisanayambe n'kugulitsa komwe inali kale pa magulu a WhatsApp, tikumva kuti ikulira mpaka ku Mchinji. Ma CD angokhala mu katoni. Tichite bwanji?"

Pepani amayi, pepani kwambiri. Vutoli linagwetsa ndi makampani akuluakulu omwe, kuyambira pomwe Napster inabwera ku America mu 1999 anthu n'kuyamba kupatsana nyimbo ulele pa intaneti, ndalama za nyimbo zojambulidwa zinakhala zikutsika dziko lonse mpaka cha mu 2014, zinadzayamba kukwera chifukwa cha kumvera pa intaneti kolipira mwezi ndi mwezi. Kuno kwathu achikulire akukumbukira malekodi a Teal ku Ndola, ifeyo tinakulira makaseti ndi ma CD a Mondo Music, nthawi imeneyo ukafuna nyimbo umagula chinthu chogwirika. Zinapita zimenezo ndipo katoni yanuyo mudzaigulitsa pang'onopang'ono pa khomo la tchalitchi basi.

Ena akuuzani kuti ikani pa Spotify poti inafika ku Zambia mu 2021, kapena Boomplay ndi YouTube. Ikani ndithu, koma ndisakunamizeni, nyimbo ikamveredwa kamodzi imabweretsa kandalama kochepetsetsa, pamafunika anthu masauzande ambirimbiri kuti muone kanthu, ndipo agogo a kumudzi amene amakonda kwaya yanu sangathe bando tsiku lililonse pomwe mdzukulu angawathire ulele.

Chimene ndingakulimbikitseni ndi kulembetsa nyimbozo ku ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama za oyimba ku mawailesi, m'mabala, m'mahotela ndi malo ena oliza nyimbo poyera. Inde ndi ife a wailesi omwe tikuyenera kulipira, musatione kukoma mawu. Mukapanda kulembetsa, nyimbo idzalira chaka chonse koma dzina lanu palibe pa ndandanda yogawira. Ulendo wina muzilemberana pepala ndi pulodyusa musanajambule, kuti fayilo asunga ndani ndipo ituluka liti, chifukwa alubamu siyenda yokha kuchoka mu kompyuta ya situdiyo, sindikuloza munthu koma ganizanipo. Ndipo poti yafika kale ku Mchinji, pangani kavidiyo muikepo nambala ya mobile money ndi ya woyitanira kwaya, anthu amene anaimva ulele ndi omwewo angakuitaneni ku ukwati kapena ku msonkhano wa tchalitchi, kumeneko ndiye kuli ndalama masiku ano. Anzathu aku Malawi kudzera ku COSOMA, bungwe lawo longa ZAMCOPS, amadula kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo n'kugawira oyimba, nzeru imeneyo ine ndimaisirira.

Yomaliza ndi yachidule, yachokera ku Chadiza: "Kutumizira mnzanga nyimbo pa Bluetooth nakonso ndi kuba?"

Aaa achimwene, palibe wapolisi adzabwera ku Chadiza kudzafufuza Bluetooth yanu, ndipo simunagulitse ngati mnzathu wa ku Kapata. Koma ngati woyimbayo ndi wa kwanu ndipo nyimbo mwaivina mpaka foni kutha moto, akabwera ndi sho lipirani pa geti, osadumpha mpanda. Makalata a za feteleza tiwerenga Lachinayi, pitirizani kulemba.