Ufulu wa munthu unalowa bwanji m'malamulo a dziko

Zikomo a gulupu, mafumu, amayi ndi abambo a kuno kwa Santhe. Mwafunsa za munthu amene apolisi amutenga, kuti ali ndi ufulu wanji. Ndiloleni ndiyambire patali pang'ono.

Mu 1787 akuluakulu a ku America anasonkhana ku Philadelphia kulemba malamulo oyendetsera dziko lawo. Ntchito ili pafupi kutha, mmodzi wa iwo, George Mason, anapempha kuti alembemonso ufulu wa munthu payekha, umene boma silingaukhudze. Anzake anakana, iyenso anakana kusaina. Alexander Hamilton ankati kulemba ufulu n'koopsa, chifukwa umene mwaiwala kuulemba, boma lidzati kulibe. Koma m'madera ambiri anthu anaumirira kuti akufuna kuuona papepala. Choncho James Madison, yemwe poyamba sankaona kufunika kwake, anatengera nkhaniyi ku nyumba ya malamulo mu 1789, ndipo mu 1791 mfundo khumi zinavomerezedwa. Muli ufulu wolankhula, wopembedza, woti asakusechereni nyumba popanda chifukwa. Anaonjezeranso kuti ufulu wosalembedwa sunathe ayi. Chondiwawa n'chakuti akapolo sanawawerengere, ndipo Mason ndi Madison omwewo anali ndi akapolo.

Tsono tibwere kwathu. Malamulo a 1964, pamene tinalandira ufulu wodzilamulira, anali ndi gawo loteteza ufulu wa munthu. Mu 1966 gawolo analichotsa, dziko n'kukhala la chipani chimodzi. Agogo amene mwakhala apa mukudziwa chimene chinatsatira kuposa ine. Munthu ankangotengedwa usiku, kupita kundende ya Dzaleka kapena ya Mikuyu, zaka n'kumatha osaonana ndi woweruza, abale ake osayerekeza n'kufunsa komwe.

N'chifukwa chake titavota pa referendamu ya 14 June 1993 n'kusankha zipani zambiri, olemba malamulo a 1994 anaika Mutu 4 wonse kukhala wa ufulu wachibadwidwe. Anthu amene anaulemba anali ataona zimenezi ndi maso awo.

Yankho la funso lanu lili pa gawo 42 la malamulo amenewa. Womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, komanso woonana ndi loya. Afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito, apite tsiku loyamba limene khoti latsegula. Mwana wanu akatengedwa, lembani tsiku ndi ola, ndipo popita kupolisi mutengane ndi munthu wina wamkulu.